Kabureta ikamauma galimoto itaima masiku: mmene mungapezere kumene petulo akuthawira

Amene ali ndi pikapu yakale ya petulo kuno ku Salima amalidziwa bwino vuto ili. Galimoto imagwira ntchito tsiku lonse osavuta, kunyamula usipa kuchokera ku Senga Bay kapena matumba a mpunga kuchokera ku Lifuwu, koma ikangogona pakhomo masiku awiri kapena atatu, m'mawa wake sitata imazungulira mpaka batire kufooka injini osagwira, ndipo mapeto ake ndi kuitana anyamata kuti adzakankhe. Ikalira, imayendanso ngati kuti palibe chimene chinachitika. Eni galimoto ambiri amafulumira kumasula kabureta yonse, ena amagula ina kumene, koma pakatha sabata vuto limabwereranso, chifukwa sanayambe afufuza kuti petuloyo akuthawira kuti, ndiponso kuti akumatha patapita nthawi yaitali bwanji. Funso lachiwirili ndi limene limatsegula loyambalo, ndipo ntchito yambiri mungathe kuigwira nokha muli ndi masipanala ochepa, tochi, jakisoni wopanda singano ndi kope lolembamo.

Malangizowa ndi a galimoto za kabureta zimene pampu yake ya mafuta ili pa injini penipeni, monga Nissan 1400, Toyota Hilux zakale za petulo ndi Land Cruiser za injini ya 2F. Za dizilo ndi za injekishoni zili ndi nkhani yakeyake.

Dziwani kaye njira imene petulo amadutsa

Pampu imakoka petulo m'thanki kudzera m'paipi ndi m'fyuluta, n'kumukankhira m'kachipinda ka mu kabureta mmene muli floti, kachinthu koyandama pa petulo. Kachipindako kakadzaza, floti imakwera n'kukankha kasingano kamene kamatseka polowera petulo. Pampuyi imayendetsedwa ndi camshaft, chitsulo cha mu injini chimene chimazungulira n'kumatsegula mavalavu, choncho imapopa pokhapokha injini ikamazungulira. Izi zikutanthauza kuti petulo amene amaliza injini m'mawa ndi yemwe uja anatsala m'kachipindamo pamene munazimitsa galimoto. Ngati kauma, sitata iyenera kuzungulitsa injini mpaka pampu itadzazanso, ndipo ngati nayonso paipi yauma, ntchitoyo imatalika kwambiri.

Pali mawu amene amanenedwa kawirikawiri m'magalaja, akuti petulo wa mu kabureta wabwerera ku thanki. Pa makabureta ambiri zimenezi sizingachitike, chifukwa polowera petulo pali pamwamba pa mlingo umene petuloyo amalekeza, ndipo madzi amene agwera kale m'ndowa sakwereranso kukamwa kwa mjigo. Petulo amene angabwerere ku thanki ndi wa m'paipi yekha. Wa m'kachipinda ka floti ali ndi njira zitatu zokha zochokera: kuuluka ngati nthunzi, kudonthera kunja, kapena kudonthera m'kati mwa injini. Mukasiyanitsa kachipinda ndi paipi m'maganizo mwanu, simudzagulanso pampu pamene vuto lili pa gasiketi.

Musanagwire chilichonse, ikani galimoto pabwalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, nyali ya parafini ndi munthu wosuta fodya, ndipo pafupi pakhale ndowa ya mchenga kapena chozimira moto, popeza madzi amangofalitsa moto wa petulo. Musayamwe paipi ndi pakamwa. Musathirenso petulo pakhosi pa kabureta wina akuliza sitata, chifukwa injini ikatsokomola malawi amatulukira pomwepo, pamene pali dzanja ndi nkhope yanu.

Choyamba: tsimikizani kuti kachipindako kaumadi

Chitani izi m'mawa wa tsiku limene galimoto imavuta, musanagwire kiyi n'komwe, chifukwa mukangozungulitsa injini mwafufuta kale umboni. Chotsani chivundikiro cha air cleaner (chosefera mpweya cha pamwamba pa kabureta), tsegulani choki ndi chala, walitsani tochi pakhosi pa kabureta, kenako kokani ndi dzanja kachitsulo kamene waya wa akisileleta amakoka. Ngati m'kachipinda muli petulo, mudzaona kamtsinje kakang'ono kakufwamphuka m'kati ndipo mudzamva kaphokoso kake. Kokani katatu kapena kanayi, chifukwa kapampu ka mu kabureta kamene kamafwamphula petuloyu kamatha kusunga petulo wokwana kufwamphula kamodzi ngakhale kachipinda kali gwa. Makabureta ambiri a Hitachi ndi a Aisan, amene ali pa Nissan ndi Toyota zakale, ali ndi kagalasi pambali kokhala ndi chizindikiro pakati. Pukutani kagalasiko muone pamene petulo walekeza, ndipo ngati simukuona bwino gwedezani galimoto pang'ono kuti mlingowo usunthe.

Mukapeza kuti petulo alimo wokwanira koma injini ikukanabe, siyani nkhani ya mafuta othawa, muyang'ane choki, mapulagi, mapointi ndi batire.

Chachiwiri: yezani nthawi

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo pamafunika kudekha kwa masiku angapo. Yendetsani galimoto mpaka injini itatentha bwino, mwina ulendo wa mphindi makumi awiri kapena atatu, muiimike pamalo athyathyathya. Onani mlingo wa petulo mutangozimitsa, muonenso patatha mphindi 15, patatha ola limodzi, m'mawa mwake, ndi pa tsiku lachitatu, ndipo nthawi iliyonse lembani m'kope. Ngati kabureta yanu ilibe kagalasi, gwiritsani ntchito njira ija yokoka akisileleta, koma kumbukirani kuti kukoka kulikonse kumachotsako petulo, choncho yesani nthawi imodzi yokha pa kuima kulikonse.

Mlingo ukatsika kwambiri m'ola loyamba kenako n'kukhazikika, wolakwa ndi kutentha. Ukamatsika pang'onopang'ono usiku wonse injini itazizira kale, mpaka m'mawa kachipinda kauma, pali podontha. Koma ngati m'mawa mwake petulo akadalimo ndipo akutha patapita masiku asanu kapena sabata, mwina palibe chimene chawonongeka, chifukwa kachipinda ka floti kali ndi kapaipi kopumira, ndipo petulo wochepa chonchi akakhala potseguka m'nyengo yotentha amauluka yekha.

Chachitatu: ngati ndi kutentha

Petulo si chinthu chimodzi ayi, ndi msakanizo wa zinthu zambiri, ndipo zopepuka mwa izo zimayamba kuwira pa madigiri 30 mpaka 40 chabe. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kunja kwenikweniko kuno kunyanja kumatentha kupitirira madigiri 30, nanga kuli bwanji pansi pa boneti? Mukazimitsa injini, fani ndi pampu ya madzi zimaima, koma chitsulo chimakhala chikadali ndi moto wake wonse, ndipo kwa mphindi zingapo kutenthako kumakwera m'mwamba n'kukafika pa kabureta. Pa injini ngati A14 ya Nissan 1400 ndi 2F ya Land Cruiser, manifold ya utsi, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wotuluka mu injini, ili mbali imodzimodzi ndi kabureta, cha m'munsi mwake, kotero kuti kaburetayo imakhala ngati mphika umene watsala pamafuwa moto utazima.

Onjezerani apo kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol payekha amawira pa madigiri 78, koma akasakanizidwa ndi petulo amachititsa kuti msakanizowo uziuluka msanga kusiyana ndi petulo wopanda kanthu. Amakokanso chinyezi cha mumpweya, ndipo amaumitsa kapena kutupitsa mphira zamtundu wakale. Sikuti petuloyo ndi woipa, koma galimoto yakale iyenera kukhala ndi zotchinga kutentha zake zonse kuti igwirizane naye.

Patatha mphindi zisanu kapena khumi mutazimitsa, tcherani khutu pafupi ndi kabureta. Mukamva kubwata, kapena mukaona nthunzi yoyera ikutuluka pakhosi ndi madontho akugwera m'kati, mwaugwira mtima wa vutolo. Galimoto yotere imavutanso kulira ikaima kanthawi kochepa ili yotentha, monga mukatsika kukagula chakudya pa Kamuzu Road, ndipo imafuna kuti muponde akisileleta mpaka pansi isanalire ndi utsi wakuda. Kuti mutsimikize, tsiku lina tsegulani boneti mutangozimitsa, muisiye chomwecho ola limodzi pamthunzi. Ngati mlingo sunatsike monga unachitira poyamba, simufunikanso umboni wina.

Tsopano yang'anani pakati pa kabureta ndi manifold yolowetsa mpweya mu injini, imene kaburetayo yakhalapo. Payenera kukhala kachidutswa kochindikala kakuda kapena kofiirira kosalola kutentha kudutsa, ndipo pa injini zina pamakhalanso kalata kotchinga moto wa ekizozi. Pa galimoto zimene zadutsa m'manja ambiri zinthu ziwirizi zimasowa kawirikawiri, chifukwa kachidutswa kaja kakang'aluka anthu amangokataya n'kuikapo gasiketi yopyapyala yodula pa katoni. Kabwezeretseni, ngakhale kakhale kochokera pa injini ina yophwasulidwa ya mtundu womwewo, ndipo muike gasiketi yatsopano pamwamba ndi pansi pake kuti pasalowe mpweya. Tsatirani paipi yochoka pa pampu muone ngati yayandikira manifold ya utsi, ndipo ngati yatero isuntheni. Ngati galimoto yanu inabwera ndi paipi yobwezera petulo wotsala ku thanki, onani ngati wina sanaitseke ndi bawuti, chifukwa paipi imeneyo ndi imene imachititsa kuti petulo azizungulira wozizira ndiponso kuti mphamvu yotsala m'paipi iphwe mukazimitsa. Injini imene ikutentha mopitirira chifukwa cha rediyeta yotsekeka kapena taimingi yochedwa imakulitsa vutoli, choncho zimenezo zikonzedwe nazo.

Chachinayi: ngati pali podontha

Yambani ndi kunja chifukwa ndi kosavuta. Tsukani kabureta iume, madzulo mulowetse pepala loyera pansi pa kachipinda ka floti, ndipo m'mawa muone ngati lili ndi banga. Petulo amauma msanga, koma amasiya mzere wachikasu kapena wofiirira umene fumbi limamatirirapo, ndipo mukautsata m'mwamba umakufikitsani pa gasiketi ya chivundikiro, pa kagalasi, kapena pa mabawuti a pansi pa kachipinda amene ali ndi mawashala ofewa. Sinthani gasiketi kapena washalayo. Musapake silikoni, chifukwa petulo amaifewetsa ndipo tizidutswa take timakatseka majeti, timabowo todutsa petulo ta mu kabureta.

Kudontha kwa m'kati kumabisala. Zizindikiro zake ndi fungo la petulo m'mawa popanda banga pansi, mapulagi onyowa, ndi utsi wakuda injini ikangolira. Pamenepa sololani kachitsulo koyezera oyilo, mununkhize ndi kuona mlingo. Oyilo sawonjezekera yekha. Ngati wakwera, wasungunuka ngati madzi ndipo akununkha petulo, musayendetsenso galimotoyo mpaka mutapeza gwero, kenako musinthe oyilo ndi fyuluta yake, chifukwa oyilo wotere sateteza mabeyaringi, ndipo mtengo wokonza injini yogogoda ndi wina poyerekeza ndi wa malita ochepa a oyilo.

Kuti muone podontha m'kati, chotsani kabureta pa injini osaipendeketsa, muikhazike pa timatabwa tiwiri pamwamba pa pepala loyera, pamthunzi. Dzazani kachipinda ndi jakisoni kudzera pa kapaipi kopumira mpaka mlingo ufike pa chizindikiro, mutsegule akisileleta pang'ono, ndipo muziyang'ana pansi kwa ola limodzi kapena awiri. Pamene dontho likutulukira ndi pamene mukafufuze: mwina gasiketi ya pakati pa zigawo za kabureta, mwina valavu ina ya pansi pa kachipinda, mwinanso chitsulo chenichenicho chabooka. Chomalizachi chimachitika pa galimoto zimene zinakhala nthawi yaitali ndi madzi pansi pa kachipinda, ndipo mudzaona ufa woyera ndi timaenje. Kabureta yobooka choncho ndi yokhayo imene ine ndingavomereze kuti isinthidwe yonse, chifukwa zomatira zambiri sizikhalitsa m'petulo.

Mutatsegula chivundikiro, yesani kasingano ndi floti. Tembenuzani chivundikirocho chafufumimba kuti kulemera kwa floti kutseke kasingano, lumikizani kapaipi koyera polowera petulo, ndipo muuzire. Mpweya suyenera kudutsa ngakhale pang'ono. Ukadutsa, onani nsonga ya kasinganoko, ndipo ngati yadyeka mozungulira sinthani kasingano pamodzi ndi pokhalira pake. Kasingano kosatseka bwino kamalola petulo wotsala m'paipi kusefukira m'kati mukazimitsa, ndipo m'mawa mumapeza paipi yauma pamene injini yamwa petulo. Floti yamkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu, ndipo mukamva zamadzi m'kati ndiye kuti yabooka. Mungathenso kuimiza m'madzi otentha, pobooka padzatuluka thovu. Yapulasitiki yakuda imatha kumwa petulo n'kulemera osaonetsa chizindikiro, choncho iyerekezeni ndi yatsopano. Kutalika kwa floti kumasiyana pa kabureta iliyonse. Tsatirani muyezo wa m'buku la galimoto yanu kapena kapepala kobwera ndi kiti, mupinde kalilime kokhako kamene kamakhudza kasingano, ndipo mukamanga muone kuti petulo walekeza pa chizindikiro cha kagalasi injini ikulira.

Chachisanu: pampu, mapaipi ndi chitsekero cha thanki

Ngakhale kachipinda katauma, pampu yabwino yokhala ndi paipi yodzaza imakadzazanso m'masekondi ochepa. Ngati mukuliza sitata kanayi kapena kasanu petulo asanafike, paipi nayo ikuuma. Musakhulupirire kwambiri fyuluta yoonekera m'kati, chifukwa imatha kuoneka yosadzaza ngakhale zonse zili bwino. Njira yodalirika ndi iyi: madzulo mutazimitsa, kulungani kansanza pa paipi ya mphira yolowa mu pampu kuchokera ku thanki, muipane ndi pulayala yodzitsekera. Pakatha masiku amene galimoto imayamba kuvuta, chotsani pulayalayo ndipo mulize. Ikagwira msanga kusiyana ndi kale, petulo ankabwerera ku thanki kudzera mu pampu. Ngati paipiyo yauma kotero kuti ikung'aluka poipana, mwapeza kale chimodzi chofunika kusintha.

M'kati mwa pampu muli timavalavu tiwiri tolola petulo kupita mbali imodzi yokha, ndiponso chikopa cha mphira chimene chimakwera ndi kutsika. Kadzimbiri kochokera m'thanki kapena mchenga wa m'zigubu kakakhala pa kavalavu, sikatsekanso. Chikopa chija chikang'ambika, petulo amatulukira pa kabowo ka pansi pa pampu kapena amalowa mu oyilo, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene oyilo amakwerera. Kuti muyese pampu, chotsani waya wopereka magetsi ku koyilo kuti pasakhale moto, masulani paipi pa kabureta muilowetse m'botolo, ndipo mnzanu alize sitata masekondi khumi. Petulo azituluka mwamphamvu, modukizadukiza mofanana, wopanda thovu. Thovu limasonyeza kuti penapake pakati pa thanki ndi pampu pakulowa mpweya. Amene ali ndi geji angayeze mphamvu yake, imene pa galimoto zambiri zotere imakhala cha pakati pa 3 ndi 5 psi. Pampu zina ndi zomata zosatseguka, choncho yotere ikalephera imangosinthidwa.

Paipi ya mbali yokoka ili ndi khalidwe lonyenga: imatha kukhala ndi ming'alu yolowetsa mpweya koma osadontha petulo, chifukwa m'kati mwake mulibe mphamvu yokankhira kunja. Lowani pansi pa galimoto, mupinde paipi iliyonse ya mphira pafupi ndi zomangira zake, makamaka kachidutswa ka pamwamba pa thanki kamene anthu amakaiwala zaka ndi zaka. Onaninso paipi yachitsulo pamene yagwidwa ndi zopanira ku chasisi, poti matope a dzinja amakhazikika pamenepo n'kuidya ndi dzimbiri. Pogula yatsopano werengani zolembedwa pa paipiyo, ikhale ya mafuta, monga yolembedwa SAE J30R7, kapena J30R9 imene imapirira bwino ethanol. Kapaipi koyera kapulasitiki kamaoneka kotchipa, koma kamauma ndi kusweka pakangopita miyezi.

Thanki nayo iyenera kupuma. Masana petulo amatentha, usiku amazizira, ndipo ngati popumira patsekeka, kapena chitsekero chinatayika n'kuikapo china chosayenera, m'thanki mumakhala kukoka kumene kumayamwa petulo wa m'paipi. Tsegulani chitsekero m'mawa, ndipo mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu tsukani popumira kapena mupeze chitsekero cha mtundu wake. Mavu omanga ndi dothi amakonda kutseka timapaipi topumira ta galimoto zoima nthawi yaitali, choncho musadabwe mukapezamo kanyumba kawo.

Ngati zonse zili bwino koma galimoto imaima sabata yathunthu

Apa palibe chokonza, chofunika ndi kungothandiza kachipinda kudzaza popanda kuzunza sitata. Njira yotchipa ndi jakisoni uja: thirani petulo woyera pa kapaipi kopumira mpaka mlingo uonekere pa kagalasi, bwezerani chivundikiro cha air cleaner, pondani akisileleta kawiri, kokani choki, kenako mulize. Ngati mukudalira sitata yokha, musapitirire masekondi khumi, ndipo muipumitse theka la mphindi musanayesenso. Kupopa akisileleta kachipinda kali kouma sikuthandiza kanthu. Kavalavu koletsa petulo kubwerera, koikidwa pa paipi pafupi ndi pampu, kamathandiza paipi yokha, sikaletsa wa m'kachipinda kuuluka.

Ena amaika pampu yaing'ono yamagetsi pafupi ndi thanki, yokhala ndi batani loti mukalisiya imazima, kuti azidzazira kabureta masekondi angapo asanalize. Njirayi ndi yabwino ngati pampuyo ndi ya mphamvu yochepa yopangidwira kabureta, ya mtundu wolola petulo kudutsa ngakhale itazima, ndipo waya wake uli ndi fyuzi. Pampu yochotsedwa pa galimoto ya injekishoni imakankha cha m'ma 40 psi, ndipo idzagonjetsa kasingano n'kusefukitsa petulo pa injini. Musaikenso pampu yamagetsi musanatsimikize kuti chikopa cha pampu yakale ndi chathunthu, apo ayi mudzakhala mukupopera petulo mu oyilo.

Galimoto imene ikukaima miyezi, monga pamene misewu ya kumidzi yatsekeka ndi mvula, ndi bwino kuikhuthula kachipinda ka floti kudzera pa bawuti ya pansi, chifukwa petulo akauma yekha amasiya utomoni womata majeti ndi kasingano. Tsiku loidzutsa yang'anani kaye oyilo, mukhetseko petulo pang'ono wa pansi pa thanki m'botolo loyera kuti muone ngati madzi adikha pansi pake, ndipo mukatero mudzaze kachipinda ndi petulo watsopano musanagwire kiyi.